Tinsalu Tofiira ta M'phiri

Mkangano wonse unali wa makiyi. ATelala, mayi wosoka zovala m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya mankhwala, anachita chizungulire tsiku lina akutsika masitepe, n'kukhala pansi phwata. Sanathyoke paliponse. Koma mwana wawo wamkazi ndi namwino, ndipo anamwino mukuwadziwa, munthu ukangoyetsemula ayamba kale kukuyalira bedi.

"Amayi, basi, shopu titseke mukakhale kwathu," anatero namwino madzulo ake pa tebulo. "Magazi anu akuthamanga kwambiri."

"Ndiye magazi azithamanga okha, mwini wake nditakhala pampando?"

Mkamwini wawo, wogwira ntchito ku banki, anaseka mpaka kutsamwa. Iye ndi wa gulu la anthu othamanga m'mapiri, ndipo pofuna kuzimitsa moto anayamba kusimba za mpikisano umene unkabwera m'nkhalango yotetezedwa ya kuphiri. Chaka chimenecho anamusankha kukhala wosesa. Anafotokoza monyadira kuti njira yonse amaimangirira tinsalu tofiira m'mitengo kuti othamanga asasochere, ndipo wosesa amanyamuka pambuyo pa onse, akumasula tinsaluto n'kumaponya m'thumba. Amene wosesa wamupeza n'kumugwira paphewa, mpikisano wake wathera pomwepo.

"Phiri limenelo ndimalidziwa ngati m'thumba mwangamu," anamaliza motero.

"Ndilembetseni," anatero aTelala.

Kenako namwino, potsimikiza kuti mwamuna wake akawagwira mayiwo pa chitunda choyamba penipeni, anavomera ndi mawu otsekemera. Akakafika kumapeto wosesa asanawagwire, shopu ndi yawo. Akakagwidwa, makina osokera akwera galimoto. Makiyi anawavala yekha m'khosi ngati mkanda, kudikira tsikulo.

Mtima wa aTelala unawawa kuona makiyi awo pakhosi pa mwana amene anamusokera matewera. Kachipinda kaja ndi komwe anakalambira, pali zenera loyang'ana kumsewu, ketulo, ndi makasitomala obwera ndi miseche yotentha. Kukakhala kwa mwana n'kumauzidwa nthawi yogona? Aaa, ayi ndithu. Anayamba kukwera ndi kutsika masitepe omwe aja m'mawa uliwonse mpaka wogulitsa mankhwala anadandaula kuti mabotolo akugwedezeka.

Tsiku la mpikisano anafika atavala kabudula wodzisokera okha, wamaluwa achikasu, ali ndi thumba lalikulu kutsogolo loti mwana n'kugonamo. Wezulo italira, achinyamata anangoti fwaa kulowa m'mitengo, fumbi kobo. ATelala anatsala okha kumbuyo, akupalasa pang'onopang'ono ndi miyendo yomwe yapalasa makina moyo wonse.

Koma abale, kukoma kwake! Kanjira kanali kofewa ndi masamba, kamphepo kakuwomba m'makutu. Anawoloka kamtsinje akudumpha pamiyala, mwala wina unawapusitsa, nsapato thapsa, iwo n'kuseka okha mokweza. Anyani anali pathanthwe akuwayang'ana.

"Mwaswera bwanji azibambo!" anawapatsa moni. "Simunaonepo agogo akuthamanga?"

Pa chitunda choyamba mpweya unawathera. Anagwira nthambi, wefuwefu, ndipo zala zawo zinakhudza kansalu kofiira kaja. Zala za telala sizinama. Anakatikita, anakakoka, anakayang'ana padzuwa. Nsalu yeniyeni, yosalala, yosasuluka, yokongoletsera m'khosi mwa diresi la mwana!

"Kumangirira nsalu yotere pamtengo kuti anyani azipukutira mamina? Anthu awa ndalama zawapweteka."

Anaganiza kuti kumbuyo kulibenso wothamanga wina, kwatsala mkamwini yekha, woti akangomasula n'kukataya. Komanso munthuyo phiri amalidziwa ngati m'thumba mwake, ananena yekha. Kumuthandiza ntchito kuli ndi vuto? Anamasula, n'kuponya m'thumba la kabudula.

Kuyambira pamenepo liwiro linabwera lokha. Akangoona kofiira patsogolo, miyendo inkanyamuka ngati ya mtsikana. Kumasula, m'thumba, kuthamangira kena. M'mutu anali atasoka kale madiresi a ana a msewu wonse. Ankayimba nyimbo zopanda mutu, ankalankhula ndi mitengo, ndipo pamphambano pamene kanjira kena kankatsikira kuchigwa anamasula tonse titatu tomwe tinkaloza kumtunda. Wezulo ya wosesa, imene poyamba inkamveka kumbuyo ngati udzudzu, inasiya kuwavutitsa.

Atafika pamwamba anaima kukamwa yasa. Dziko lonse linali pansi pawo, misewu ngati ulusi. Kumunsi ankaona matenti oyera a pomalizira, ndipo nyimbo za pa zokuzira mawu zinkafika mpaka kumeneko. Kunangotsala kutsetsereka basi. Makiyi aja anayamba kuwamva kulira m'manja.

Ndiye anamva wezulo. Sinachokere kumbuyo ayi, inachokera kutsidya, pansi pa chigwa, kumene kunalibe njira ya mpikisano. Inkalira mosalekeza, mwa munthu amene zamuthina.

ATelala anayang'ana thumba lawo lotupa, anayang'ananso kuchigwa. Chinthu chinawalowa m'mutu. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi mbwembwembwe, akumenya thanthwe ndi chikhatho. M'thumba mwake! Kani munthu uja phiri ankalidziwira pa tinsalu!

Kuseka kunatha ataona nkhungu ikukwera kuchokera kuchigwa komweko. Anachita mantha. Uyo ndi bambo wa adzukulu awo, munthu amene amawanyamulira nsalu pa masitepe osadandaula. Akatsika, shopu ndi yawo, koma mwana wa eni agona ndi anyani chifukwa cha manja awo. Akamuitana, abwera ndi dzanja lake lija n'kuwagwira paphewa.

"Ha, koma ine ndiye," anadzitukwana, n'kukhuthula thumba.

Anamanga tinsalu tonse kamodzikamodzi, zala zikuthamanga kuposa mmene miyendo inachitira, mpaka panatuluka chingwe chachitali chofiira psuu. Anachimangirira ku ndodo youma, anakwera pathanthwe, kabudula wamaluwa akupepeluka, n'kuyamba kukupiza.

"Apongoziii! Kunooo! Kwezani maso, inu a ku banki!"

Wezulo inasiya. Patapita nthawi tchire linagwedezeka, ndipo mkamwini anatulukira akukwawa, manja atakalika ndi minga, buluku litang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Anagona chagada pathanthwe, akupuma ngati galu.

"Amayi," anatero mpweya utabwerera, "tinsalu tinangotha. Ndimati mwina anyani."

"Nyani wake ndine," anayankha aTelala. Anatembenuka n'kumupatsa phewa. "Gwirani, apongozi. Lamulo ndi lamulo."

Mkamwini anayang'ana phewalo. Anatsegula thumba lake, mmene munali tinsalu towerengeka ta kumayambiriro, n'kuyang'ananso chingwe chofiira chija.

"Ine sindinakupezeni, amayi. Mwandipeza ndinu. Ndipo wosesa ndi amene wanyamula tinsalu."

"Ndiye wosesa ndine?"

"Ntchito mwagwira ndinu."

ATelala anatambasula dzanja n'kumugwira mkamwini paphewa, phaa. "Mwatuluka mu mpikisano, bambo. Tsatani pambuyo, musasocherenso."

Anatsika phirilo akuseka ngati ana othawa kusukulu, mayi patsogolo akumasula tinsalu totsala, mkamwini pambuyo atagwira buluku ndi dzanja limodzi. Pomalizira anthu anali atayamba kupinda mipando. Namwino anali pa chingwe cha pomalizira, maso ali kuphiri, foni ili kukhutu, atalira kale mpaka mphuno kufiira. Kenako wina anakuwa, onse anatembenuka, ndipo anaona agogo a kabudula wamaluwa akutuluka m'mitengo ndi liwiro, atadzikulunga chingwe chofiira, ndodo ili m'mwamba. Anthu anaimba m'manja, ena kugubuduka ndi phwete. Wopereka mamendulo anachita kuitulutsanso mendulo m'katoni.

Namwino anawakumbatira mayi ake mwamphamvu, kwinaku zala zikufufuza pamkono kuti amve kugunda kwa mtima. Anamva ukugunda bwinobwino. Anayang'ana mwamuna wake, amene anangokweza mapewa. Ndiye anavula makiyi aja m'khosi mwake n'kuwaveka mayi ake pamwamba pa mendulo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Koma pa masitepe paja ndikuikirani chogwirira, amayi. Musakane."

"Ika, mwana wanga. Apongozi azigwira akamakwera."

Anagwira makiyiwo pachifuwa, anali ofunda ndi thupi la mwana wawo, ndipo misozi inawatuluka osaibisa. Atapukuta ndi kansalu kofiira, anayang'ana mkamwini kuyambira kumutu mpaka pabondo.

"Buluku limenelo mubwere nalo Lolemba ku shopu. Ndimatsegula m'mamawa."