Dzenje la Manyowa Kuseri kwa Thanthwe

Lines anali akutola matewera a ana otayidwa ndi alendo ndi kamtengo, mphuno atatsina, pamene anamva munthu akukuwa kuseri kwa thanthwe.

Thanthwe limenelo linali m'munda mwake, kumapiri a kufupi ndi Malomo, ndipo ukakwera pamwamba pake umaona midzi mpaka maso kutopa. Kale anthu akafuna kudzapempherapo kapena kujambulitsa ankayamba aodira kunyumba n'kupereka moni. Kenako mlamu wake Nedson, munthu wa nzeru zothamanga, anakhoma chikwangwani panjira kuti aliyense azilipira K1,000. Moni unathera pomwepo. Munthu akalipira ankayenda ngati wagula phiri lonse. Mabotolo a mowa ankapezeka m'mizere ya mtedza, ndipo ena opanda manyazi ankadzithandiza pansi pa mtengo wa masuku. Lines zinkamunyansa koopsa, koma ndalamazo ankalandira, n'kumagawana ndi Nedson.

Atathamangira kuseri kuja anapeza mayi wina wa ku Lilongwe, wovala diresi loyera mbee, atamira mpaka m'chiuno m'dzenje la manyowa. Dzenjelo Lines analidzaza ndowe za nkhumba n'kuliphimba ndi udzu kuti ziwole bwino. Munthu aliyense wa kumudzi akaona udzu woyalidwa chotero amalambalala. Koma mayiyu ankayenda chafutambuyo, akumwetulira foni ya mwamuna wake amene ankamujambula.

Anamusolola, fungo lili guu, phazi litapindikira kumbali. Lines anavula chitenje chake n'kuyamba kumupukuta. Mwamuna uja, a Agusitino, anaima patali atatseka mphuno ndi mpango.

"Mayi, ndalama zathu mwalandira kapena ayi?"

"Ndalandira, bambo."

"Ndiye muli pabizinesi. Mpanda uli kuti? Chenjezo lili kuti? Mulipira chipatala chonse, apo ayi tikaonana kupolisi."

"Koma bambo, njira ya kuthanthwe ili uko. Kuno ndi kumunda."

"Talipira malo onse ife!"

Lines anatembenukira kwa Nedson, amene anafika akuyang'ana pansi ngati wataya singano.

"Alamu, yankhulanitu. Nzeruyi inali yanu."

"Aaa, alamu, ine ndinangolemba chikwangwani. Dzenje ndi lanu, nkhumba ndi yanu. Ndilowererapo bwanji?"

Lines ankaopa polisi, ndipo chinthu chogulitsa anali nacho chimodzi chokha, nkhumba yaikazi yabere imene ankadalira kuti ikaswa agule feteleza. Lachitatu ogula nyama anaimangirira panjinga ikulira, pamtengo wongomubera. A Agusitino analandira ndalamazo pafoni, osanena ngakhale kuti phazi lija likupeza bwanji.

Loweruka m'mawa Lines anatenga nkhwangwa n'kupita panjira kuti akagwetse chikwangwani, zoterezi zithe. Atangoikweza, minibasi inaima chapafupi, nyimbo zili phokoso. Munatuluka achinyamata ndi makireti a mowa ndi mbaula yowotchera nyama.

"Amayi, pathanthwe ndi zingati?" anafunsa mtsikana wina akutafuna chingamu, moni osapereka.

Lines anayang'ana khola lake lili pululu. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumadzulo, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale thumba limodzi la feteleza. Anatsitsa nkhwangwa.

"Thuu sauzande aliyense," anatero.

Analipira osanyinyirika n'komwe. Lines anamanga ndalamazo pansonga ya chitenje, analavula malovu pambali, n'kuwapatukira kuti adutse.