Isake Afolera Chozondoka

Isake anakulira m'malayini a ku esiteti ya tiyi, pansi pa malata a kampani. Kumeneko denga likadontha, munthu ankangouza kapitawo. Ndiye atakwatira Anesi n'kukalowa chikamwini kufupi ndi Nkando, nyumba anaimanga bwinobwino, koma pofolera anachita za m'mutu mwake. Anayambira pamwamba kutsikira m'munsi, udzu wam'munsi n'kumakwera pa wam'mwamba. Safunsa anadya phula. Komanso nanga munthu wandevu zake akafunse kafoleredwe kuchikamwini? Akanasekedwa mpaka kudambo.

Mvula ya ku Mulanje sinyengerera munthu. Itangoyamba, denga lija linasanduka lichero. Anesi ankangokhalira kusuntha mphasa, khanda lawo likutsokomola. Isake anathamangira ku Nkando kukafuna matumba a feteleza oti ayale mudenga, koma a Yufi, anyamata a chipani aja, anamubweza polowera mumsika, poti kadi yake ya chipani inali itanyowa mpaka kufufutika.

Madzulo ake apongozi ake aakazi, a Esteri, anaima pabwalo n'kulankhula ndi mwana wawo mokweza dala.

"Anesi, mvula ikadzagwanso mwana ali mmenemo, ndidzakutengani nonse awiri. Abambo akewo atsale ndi achule."

Isake anamva ali m'nyumba, mtima unamuwawa. Kuchikamwini mkazi akabwerera kwa amake, mwamuna amangomanga katundu.

Apongozi aamuna, a Morris, anamva zonsezo. Mkamwini ndi apongozi sakhalirana pansi n'kumaphunzitsana ntchito. Akakumana panjira, ndi moni wapatali basi. Koma nawonso a Morris pamudzipo anabwera ndi chikamwini, manyazi ake ankawadziwa.

M'mawa mwake anakwera pa khitchini yawo, yomwe inayang'anizana ndi khomo la Isake, n'kusasula denga lonse. Kenaka anayamba kufoleranso, pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana, uku akulankhula ndi akazi awo.

"Amake Anesi, inetu ndakalamba, ndikumaiwala. Paja timayambira m'munsi eti? Mzere wachiwiri uphimbe woyamba, madzi azingotsetsereka pamwamba. Luzi likhale lonyika, timange zolimba."

"Mwayamba liti kundifunsa ine za denga?" anatero a Esteri.

Isake anali pakhonde pake, akunamizira kukonza mpini wa khasu. Mpiniwo anaukonza tsiku lonse, maso ali kukhitchini.

Kutacha anasasula denga lake. Apa mpamene anaona vuto lina: udzu wambiri unali utawola, ndipo m'dzinja udzu wouma supezeka. Anatsika ali wotaya mtima n'kupita kukatenga luzi kumtsinje kumene analinyika. Pobwera anapeza mitolo ya udzu wabwino itatsamira khoma lake. Sanafunse. Anakwera, nayambira m'munsi.

Mvula inatsika kuphiri masana, ya mkokomo. Isake ndi Anesi anakhala pamphasa, makosi ali chagada. Anadikira, nadikirabe. Ngakhale dontho limodzi. Khanda linagona tulo.

Isake atasuzumira pakhomo, anaona a Esteri akuthawitsa nkhuni ndi miphika kupita nazo pakhonde. Mbali imodzi ya khitchini ija inali phaso lokhalokha, mvula ikuthira pamafuwa.

"Khitchini imene ija sinadonthepo chiimangire," anatero Anesi chapansipansi. "Udzu uli pamwamba pathuwu ndi wake."

Isake anayang'ananso kudenga. Kuyamika kunamudzaza mpaka misozi inalengeza, munthu wamkulu ndithu. A Morris anali pakhonde pawo, nkhope ataloza kuphiri. Isake anagwada pakhomo pake pomwepo, nawomba m'manja mwaulemu.

A Morris sanacheuke.

"Amake Anesi," anatero, "pamudzi pano patu pali munthu wodziwa kufolera. Mvula ikakata mukamupemphe adzatithandize khitchiniyi."