Khomo Limene Assou Sankalitseka

Chipale chofewa chikagwa m'tauni yathu ya pamapiri, woyamba kutukwanidwa ankakhala Assou.

Iyeyu ndiye ankayendetsa chigalimoto cha khonsolo chokankha chipale, chachikasu chija, chokhala ndi chikhasu chachitsulo kumphuno. Chikhasucho chimapendekera kumanja, ndiye chipale chonse cha pamsewu chimakathera m'mphepete, n'kusiya mzere wautali ngati wa mbatata, wodutsa pakhomo la aliyense. Msewu utseguke, makomo atsekeke. Ndipo ukachita ulesi ndi fosholo, pofika masana mzerewo wauma gwa, wofuna piki.

Choncho m'mawa uliwonse azimayi ankatuluka atafunda mabulangete mpaka kumutu, mafosholo m'manja, pakamwa pali moto.

"Iwe Assou! Kumaso kwakoko ndi maso kapena mabatani?"

"Wandikwirira ndili moyo, mwana wopanda mwambo iwe!"

"Musiyeni, adzakwatira chigalimoto chakecho!"

Iye ali m'mwamba, m'kachipinda kake ka magalasi, ankangokweza dzanja ngati akumupatsa moni. Kunena zoona, moni wake unali womwewo basi. Makolo ake anali kumudzi, kuseri kwa phiri, komwe msewu umatsekeka miyezi itatu. Ankagona kuseri kwa galaja ya khonsolo, iye ndi mbaula yake, ndi masokosi oyanika pa paipi ya utsi. Tsiku limene chipale sichinagwe, panalibe womutchula dzina.

Koma panali khomo limodzi limene sankalitseka.

Linali mu Msewu wa Akalipentala, momwe nyumba zimagundana khoma ndi khoma, khomo la buluu, lomalizira usanafike pamzikiti. M'menemo munkakhala mayi Hadda, amasiye, odwaladwala chifuwa, ndi mwana wawo Itto, woluka makapeti. Assou anamuona koyamba chaka chatha. Itto anali atasenza thabwa la buledi wosaphika, akupita naye ku uvuni wa anthu onse. Polumpha mzere wa chipale anaterereka, phi! buledi mbwee m'chipale. Mtsikana wina akanalira, wina akanatukwana. Itto anangokhala pansi pomwepo, mpango wake wofiira utasendera kumbuyo, n'kuyamba kudziseka yekha, kuseka mpaka kugwira nthiti. Chigalimoto sanachiyang'ane n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo, Assou akatsala mikono itatu kuti afike pakhomolo, ankachepetsa liwiro, n'kukoka kachitsulo ka kudzanja lamanja kuti chikhasu chiwongoke. Chipale ankachinyamula chonse n'kukachitula pakhoma la mzikiti, pomwe palibe wodutsa. Pakhomo la buluu pankatsala mbee, ngati asesa ndi tsache. Si ntchito yamasewera imeneyo pamsewu wotsetsereka. Ukalakwitsa pang'ono, chigalimoto chimatembenuka chokha. Anyamata ena amalemba makalata, ena amatuma azakhali awo ndi mibulu ya shuga kukafunsira. Assou kalata yake ankailemba pansi, m'mawa uliwonse, ndipo mumtima ankati, lero waiwerenga. Masana ankadutsanso, ati kudzawaza mchere, n'kumasuzumira timapazi totuluka pakhomopo. Tsiku lonse ankakhuta timapazito.

Akamaliza m'makwalala, cha m'ma teni koloko, ankapita kuchipata cha kumunsi kwa tauni. Msewu wotsikira kuchigwa apolisi amautseka ndi mpiringidzo, magalimoto n'kufola pamzere kudikira kuti atsike pamodzi kumbuyo kwa chigalimoto chake. Asananyamuke ankayenda wapansi kuchenjeza madalaivala, mawu omwewo tsiku ndi tsiku.

"Giya yachiwiri, osasintha. Buleki muziiponda ngati pansi pake pali dzira. Kumbuyo kukaterera, chiwongolero chitsate komwe kwaterera, osalimbana nako. Pamene mukuona phula likunyezimira ngati lanyowa, si madzi amenewo, aundana. Siyani mpata. Ndipo wondipitirira ine, akapereke moni kwa agogo ake kumanda."

Lachiwiri lina kunazizira moti tsitsi la m'mphuno linkauma. Pamzerepo panali takisi yakale itasenza matiresi ndi mitengo italiitali padenga, matcheni a tayala lakumbuyo ali lendee. Assou anagwada m'chipale n'kuwamanga bwinobwino, phewa lake litatsamira chitseko. Magalasi a takisiyo anali atachita nkhungu ndi mpweya wa anthu a m'katimo. Sanayang'ane. Pamsewu woterera munthu sayang'ana nkhope, amayang'ana matayala. Anawatsogolera onse makilomita khumi ndi asanu ndi atatu, pakati pa mikungudza yolemedwa ndi chipale, mpaka kuchipata china cha kuchigwa komwe phula limayambanso kuda. Apo anapatuka monga mwa masiku onse, magalimoto n'kumudutsa akuliza mahutala, iye n'kubwerera kumtunda yekha.

Mwezi wa Febuluwale utafika pakati, mtima unayamba kumuthamanga. Chipale chikatha, chigalimoto amachitsekera m'galaja, iye n'kukhala munthu wamba wokwirira maenje pamsewu. Nyengo ziwiri zathunthu, ndipo Itto anali asanamuyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Adikirenso chaka china? Chaka! Anthu amakalamba ndi chaka.

Tsiku lina masana anakhala kwa Lahcen wogulitsa tiyi, akupakasa tambula m'manja osamwa.

"Tiyi ameneyo ukumuombeza maula?" anafunsa Lahcen akupukuta tebulo.

"Achimwene, ndifunseko. Tiyerekeze munthu wina, osati ine..."

"Eya, osati iwe."

"...amachitira munthu wina zabwino tsiku lililonse, koma winayo osanena kanthu."

"Zabwino zake zotani? Amamupatsa nkhuni?"

"Samutsekera khomo."

Lahcen anaseka mpaka kukhala pampando. "Kalanga ine! Ndiye wokankha chipale m'tauni muno alipo wina? Usanditchulire khomolo, ndingakalengeze pamsika. Koma tandiuza, m'tauni muno amakuyankhula ndani?"

"Azimayi aja."

"Ati?"

"Amene ndimawatsekera."

"Nanga amene sumutsekera atuluke kudzatani? Munthu amathokoza minga imene sinamubaye? Iwe mwana wa ku phiri, mutu wako unaundana. Kamutsekere! Muunjikire mpaka m'chiuno. Atuluka ndi fosholo, akulalatira, iwe utsike, upepese, ulande fosholoyo. Ine mkazi wanga ndinamupeza nditamuthira msuzi wa nyemba pa nsapato."

Assou anatuluka tiyi osamumaliza. Masiku atatu kunja kunali kowala, kumwamba kuli mbee, iye akungoyang'ana kuphiri ngati mlimi wodikira mvula. Lachinayi kunacha chipale chitagwa, pansi ponse patayera.

Analowa mu Msewu wa Akalipentala. Mikono itatu. Dzanja linapita lokha pa kachitsulo kaja, iye n'kulibweza. Chikhasu chinadutsa chili chopendekera, chipale n'kukhuthukira pakhomo la buluu. Anabwerera m'mbuyo, n'kuwonjezera china. Kenako anaimika chigalimoto pamzikiti, anazimitsa injini, anavula chipewa, anasalaza tsitsi, anachivalanso. Mawu anali atawakonza kale: Pepani chemwali, dzanja linaterera. Ayi. Pepani chemwali, ndine Assou. Ayi, zimenezo akuzidziwa.

Chitseko chinalira, n'kutsegukira m'kati. Pamwamba pa mulu wa chipale panatulukira mutu wofunda bulangete labulawuni.

"Iwe galu wa khonsolo iwe! Lero wadya chiyani?"

Sanali Itto. Anali mayi Yamna a khomo loyandikana nalo, aafupi, a mawu ngati belu la sukulu. Assou anatsika osadziwa kuti watsika bwanji.

"Mayi, mukutani m'nyumba ya eni?"

"Ndikutani? Ndikutuluka! Kiyi anandisiyira ine, ndipo kuseri tili ndi kampata kamodzi. Ndizithyoka msana kukumba khomo langa pamene pano pamakhala poyera? Sabata ziwiri ndakhala ndikudutsa pano ngati mkazi wa bwanamkubwa, lero wandiyambanso!"

Assou anayang'ana pansi. Mayi Yamna anali ndi timapazi ting'onoting'ono, ngati ta mwana wasukulu.

"Anakusiyirani kiyi... apita kuti?"

"Ku Meknes, mzinda wa kuchigwa uja, kwa mlongo wake wa Hadda. Chifuwa chija chinafika poipa, adokotala anati akakhala kuno nyengo ino saimaliza. Ukufunsa ine? Si iwe unawatsogolera? Lachiwiri lija kunazizira kwambiri. Takisi ya matiresi, ndi mitengo yolukira makapeti ya Itto padenga."

Mphepo inadutsa mumsewumo ikuulutsa chipale cha pamadenga. Assou anamva phewa lake likutentha, pamalo pomwe linatsamira chitseko chija. Panali galasi lokha pakati pawo. Akanangolipukuta ndi chikhatho.

"Za khomoli," anatero, "ankati chiyani?"

"Itto? Ankati mphepo imawakonda. Hadda ankati ndi madalitso a malemu mwamuna wake." Mayi Yamna anafwenthera. "Ine ndinadziwa chaka chatha. Mphepo yake iti yodziwa kusankha utoto wa chitseko?"

"Bwanji simunamuuze?"

"Ine ndine positi ofesi yako? Pakamwa unasiya kwa amako?"

"Adzabweranso?"

Apa mayiwo anatsitsa mawu. "Adziwa ndi Mulungu, mwananga. Koma mlongo wa Hadda ali ndi anyamata atatu osakwatira, ndipo ku Meknes shuga satha m'sitolo."

Assou anakatenga fosholo kuchigalimoto. Manja akakhala ndi chogwira maso sachita manyazi. Anaibaya pa mulu uja kamodzi, kawiri. Nyumbayo inkanunkha phulusa lozizira. Utsi umene ankauona m'mawa uliwonse pamwamba pake unali wa paipi ya mayi Yamna.

"Fulumira, ndikufuna ndikagule mkaka," anatero mayiwo. "Ndipo usaphwanye chitseko, mawa Itto aimba foni. Amaimba Lachisanu lililonse anthu akatuluka mumzikiti, kufunsa ngati denga likudontha. Mwana ameneyu nyumba ino amaikonda ngati munthu."

Fosholo inaima m'malere.

Assou anabwezera pa mulu chipale chimene anali atachotsa, n'kuchitsendera ndi nsapato. Kenako anapita pakhomo la mayi Yamna n'kuyamba kukumba pamenepo, mwaliwiro, chipale chikuuluka uku ndi uku.

"Wapenga? Ine ndili kuno!"

"Zungulirani kuseri, mayi, mutulukire kwanu. Khomo lanu kuyambira lero simudzaligwiriranso fosholo." Anapumira m'mwamba. "Koma ili likhale chonchi. Mawa akaimba, mumuuze kuti khomo lawo latsekedwa mpaka m'chiuno, chitseko chikhoza kuwola. Mumuuzenso amene watseka."

Anatulutsa kapepala ka mafuta a chigalimoto, n'kulemba nambala yake kuseri, zala zili gwa ndi kuzizira.

"Akafuna kulalata, alalatire mwini wake."

Mayi Yamna analandira kapepalako, anakayang'ana, anamuyang'ananso iye, n'kukalowetsa m'bulangete. "Hm. Kani mutuwo umasungunuka."

Lachisanu chipale sichinagwe. Panalibe msewu wokankha, panalibe womutukwana. Assou anakapemphera, mtima uli m'thumba la jekete momwe munali foni, n'kubwerera kugalaja. M'chipinda mwake foni sigwira bwino, ndiye anakwera m'chigalimoto chozimitsa, n'kukhala m'kachipinda ka magalasi, foni ili pabondo. Dzuwa linali litatuluka. Madzi ankadontha kuchokera padenga la galaja, tho, tho, tho, ndipo dontho lililonse linkamuuza kuti mulu uja ukuchepa. Anthu ankadutsa panja ndi mbale za chakudya cha Lachisanu, kupita kukadya ndi abale awo. Wani koloko inadutsa. Thu koloko. Mwina mayi Yamna aiwala. Mwina anena, Itto n'kungoseka kuseka kwake kuja, n'kupitiriza kuluka. Mwina m'nyumba ya ku Meknes muli kale mibulu ya shuga patebulo. Mpweya wake unaphimba magalasi onse, tauni n'kuzimirira, n'kutsala iye yekha m'kati mwa nkhungu yake.

Foni inanjenjemera. Nambala yachilendo.

"Halo?"

Kunamveka phokoso la magalimoto a mumzinda wakutali, kenako mawu amene anali asanawamvepo akuyankhula, koma anawadziwa.

"Ndinu a Assou a chigalimoto? Tandiuzani, achimwene, kumaso kwanuko ndi maso kapena mabatani?"

Assou anakweza dzanja, mwachizolowezi, ngati wina akumuona. Kenako anakumbukira kuti ulendo uno ayenera kutsegula pakamwa.