Phwiti Anasiya Kudandaula

Apongozi ake anamuchenjeza mayi wina, telala, kuti mwana wa matenda a magazi saopsezedwa ndi jakisoni, poti jakisoniyo ndiye moyo wake. Iye anangoseka, nati agogowa amaopa ngakhale chithunzithunzi chawo chomwe.

Phwiti kanali kamtsikana kake kamodzi kokha, kowonda, ka maso achikasu, kosakhazikika. Kakayamba kuseweretsa nsalu za eni ake, mayiyo ankangotola singano n'kukaloza nayo: "Gwiranso, ndikakusiye kwa anesi akakubaye." Kankangoti zii, ntchito n'kumayenda. Tsiku la kuchipatala likafika, ankakanamiza kuti akukagula nsapato.

Namwino wa kuwodi ya ana anayesetsa ndithu. Anapaka mankhwala ochititsa dzanzi pakadzanja, napempha mayiyo kuti amufungatire mwanayo pachifuwa, amuuze zoona kuti pawawa pang'ono, aziuzira mpweya limodzi ngati akuziziritsa tiyi. Koma telala anali ndi madiresi omudikira. Anamugoneka chagada, n'kumupanikiza miyendo ndi bondo, nati abaye msanga. Mtsempha unathawa. Namwino anabaya dzanja lina, kenako kuphazi. Mwana analeka kulira, n'kumangowayang'ana amake m'maso.

Kuyambira pamenepo Phwiti sanadandaulenso. Mafupa akamuwawa ankalowa kunsi kwa tebulo lodulirapo nsalu n'kuluma kansanza. Amake ankanyadira kwa makasitomala kuti mwana wachira, wakula nzeru. Apongozi ankati kukhala chete kumeneku sikwabwino, azimugwira pamphumi, koma ankawamvera ndani?

M'mawa wina amake anamupeza kunsi kwa tebuloko thupi lili moto, milomo itayera, akupuma mobanika. Dokotala atamuyeza anafunsa kuti chifuwa chinayamba liti kumupweteka. Mayiyo sankadziwa. Dokotala sanakalipe, anangoti akanabwera naye kale, pano angoyesa.

Anamuika magazi ndi mpweya. Telala anawerama pabedi, nanong'oneza kuti asaope, achira, mawa apita kunyumba.

Phwiti anatembenuzira nkhope kwa namwino. "Anesi, amama akunena zoona?"

Namwino anangoyang'ana thumba la magazi. Mayiyo anatambasula dzanja kuti amusisite mutu, mwana n'kudzikokera kukhoma, machubu n'kumakokeka. Dzanja lija linabwerera lokha. Anakhala pampando wachitsulo manja ali pamiyendo, osamukhudzanso, mpaka anamwino anabwera kudzakoka makatani kuzungulira bedi, mwana atatsirizika.