Tirigu Asanagone

Marlys Engdahl anali atangopana mkono umodzi wa malaya pachingwe, chopanira china ataluma kukamwa, pamene galimoto yoyera inakhota pamsewu wafumbi n'kudzaima pafupi ndi nkhokwe. Mphepo ya ku Montana sidikira munthu. Inalowa m'malayamo n'kuwafufumitsa, mapewa tukumuku, ngati mwini wake wabwera kudzawavala. Anali malaya a malemu mwamuna wake, Arvid. Masiku amenewo ankawavala ndi Leland, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo Marlys sankakonda kuwachapa.

M'galimotomo munatuluka Twyla, mtsikana wofufuza za tizilombo ta mbewu, amene chaka chilichonse ankayendera minda ya alimi n'kumazula mapesi. Anali atakumbatira mtolo wa tirigu.

"Mwaswera bwanji, Mayi Engdahl?"

"Monga ukundioneramu. Iwe ukabwera ndi mtolo sikhala nkhani yabwino. Nena, ndili ndi zochapa."

Twyla anasolola phesi limodzi n'kuling'amba ndi lumo kuyambira kumwamba mpaka kutsinde. M'kati munali utuchi wokhawokha, ndipo pansi penipeni panali kamphutsi koyera, kopindika.

"Kamacheka, wocheka mapesi uja," anatero. "Ndazula m'munda wa kumpoto uja. Ndikang'amba ili, alimo. Ili, alimo. Mphutsi zatsikira kale kutsinde. Tirigu akangouma zicheka mapesi, ndiye mphepo ikadzawomba munda wonse ugona."

Marlys analavulira chopanira chija m'dzanja. Sanafunike kuuzidwa zambiri. Minda ina yonse anabzalamo tirigu watsopano wa phesi lodzaza m'kati, lomwe mphutsi imalephera kuyendamo. Koma wa kumpoto unali wa mbewu yakale ya pabanjapo, ya phesi lamphako ngati bango, imene agogo ake a Arvid anayamba kusunga, ndipo chaka ndi chaka ankapatulako yobzala. Chaka chathachi munda umenewu unagona. Tirigu wogona amakololedwa makina atatsitsidwa mpaka kukhukhuluza nthaka, ndipo makina akameza dothi ndi mapesi opiringizana amatsamwa. Arvid anatsika kukachotsa zotsamwitsazo injini ikulira, monga amachitira aliyense mitambo ikayamba kuda. Makina anayamba ndi mkono wa malaya ake, kenako n'kumukoka yense.

Tsikulo Marlys ankapititsa chakudya cha masana ndi khofi. Ali patali anamva makina akulira malo amodzi, osameza kanthu. Kulira kumeneko sikunachokebe m'makutu mwake. Kunkabwera akutsuka mbale, kunkabwera ali m'tchalitchi.

Leland anatulukira kushedi akupukuta girisi m'manja. Ankayenda motaya mwendo wamanzere ngati bambo ake.

"Eee, achemwali a mphutsi afika! Lero mwatitengera ndiwo zanji?"

"Zanu zomwe, achimwene, zonenepa bwino," anayankha Twyla, koma sanaseke. "Dulani munda wa kumpoto sabata ino, tirigu akadali muwisi, mumuyale m'mizere aumire pomwepo. Mukadikira kuti ache, mudzamutola pansi."

"Muwisi chonchi? Njere zifota. Imeneyo sikhalanso mbewu, chikhala chakudya cha nkhuku." Anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, masiku ochepa okha atsala kuti akhwime. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Bambo ako anadekha."

Malaya aja anakupiza pachingwe, mkono wosapanawo ukuloza uku, ukuloza uko.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anapitiriza Marlys, "wa pachala ndi wa mphepo. Ndipo mphepo ya kuno ukuidziwa."

"Ngakhale agone, ndimukolola. Kuyendetsa makina pa tirigu wogona ndimadziwa. Anandiphunzitsa ndi bambo."

"N'chimene ndikuopacho."

"Ndizidzazimitsa injini ndisanatsike."

"Nawonso ankatero. Patebulo pompaja, mkate uli kukamwa: 'Marlys, ine si mwana.' Ndinapita ndi khofi kumunda n'kubwera naye ali wodzaza."

Twyla anayamba kutolera mapesi ake pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Leland anakwinya kansanza kanali m'manja mwake. "Ndiye tisiyeko mzere umodzi wokha. Wa mbewu basi."

Marlys anayang'ana kumpoto. Munda unali chiimire, wachikasu mosakanizika ndi kubiriwira, ukuyenda mafunde. Tirigu wokongola kuposa yense pafamupo, zimenezo sakanakana. Arvid ankaima m'mphepete mwake madzulo, chipewa m'manja, ngati akulankhula ndi akufa ake. Anaganizira za mzere umodziwo. Chaka chamawa ukhala munda, ndipo iye adzaimanso pachingwe pomwepa, makutu ali kumpoto.

"Ayi. Wonse."

"Mbewu ya zaka zonsezi ithere m'manja mwanga ine?"

"Ithere m'manja mwanga. Amene afunse umuuze kuti ndi mkazi uja wa mtima wouma. Manja akowo uwasunge, ndikuwafuna onse awiri."

Leland anaponya kansanza kaja pansi n'kubwerera kushedi osacheuka. Panamveka chitseko chachitsulo chikukokedwa mwaukali.

"Pepani, mayi," anatero Twyla chapansipansi.

"Wapepesa chiyani? Unabzala ndiwe? Tenga mphutsi zakozo uzipita."

Galimoto yoyera itazimirira m'fumbi, injini inalira kushedi. Marlys anauma thupi, dzanja lili m'mwamba. Anadikira mpaka makina odulira anatuluka, anaona mwana wake atakhala pampando, mikono yonse iwiri pachiwongolero, akulowera njira ya kumpoto. Apo mpamene anapuma.

Anamasula chopanira pa malaya a Arvid. Anali akadali onyowa. Anawapindapinda n'kuwakankhira pansi pa dengu, kunsi kwa zochapa zina, kumene mphepo sikanawapeza. Kenako analuma chopanira china, n'kutola thaulo. Dengu linali likadali lodzaza.