Kapu ya Buluu ya Odessa

Loweruka lachiwiri la Meyi, aliyense wa m'katauni ka Ellery amene ali ndi wake m'manda a kwa Mabry amabwera kudzalambula. Amabwera a ku Atlanta pa magalimoto onyezimira, amabweranso a pompano atavala nsapato za kumunda. M'mawa ndi wa makasu, masana ndi a milamba yokazinga.

Lamont anafika mochedwa dala. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chimwalirire mayi ake, Odessa, ndipo koleji anaisiya maliro atangotha. Mabuku ake anali akadali m'katoni kumbuyo kwa galimoto. Tsiku lililonse ankati awatsitsa mawa. Pampando wapambali panali kapu yadothi ya buluu ndi kambale kake, zokulunga m'kathaulo. Ndi zimene anazipeza patebulo m'mawa umene mayi ake anagwa kukhitchini. Kuyambira pamenepo Lamont ankamwera khofi m'kapu imeneyo basi.

Anazisiya pampandopo, nakhoma galimoto.

"Taonani, aphunzitsi afika!" anafuula amalume ake, a Cleophus, atakhala pa chidebe chozondotsa, akutumbula milamba. "Dzuwa lili pamutu ili. Kukoleji kuja ankakuphunzitsani tulo?"

"Ankatiphunzitsa kusiyanitsa wogwira ntchito ndi wokhalira chidebe, amalume."

"Iwe, mpeni uwu ndaunola lero lomwe."

A Ernestine, mkulu wawo wa malemu, sanaseke nawo. Anaweramuka pamene ankazula udzu, dzanja lili m'chiuno.

"Kapu ija wabwera nayo?"

"Ili m'galimoto, amayi."

"M'galimoto si kumanda, mwanawe."

Kwa Mabry, chinthu chimene munthu anagwiritsa ntchito komaliza amachiswa n'kuchiika pamanda ake, kuti asabwerere kudzachifuna, ndiponso kuti imfa isazolowere khomo limodzi. Manda onse anali ndi zawo: mapale a mbale, mabotolo a mankhwala, nyali, wotchi yoima pa folo koloko. Manda a Odessa okha anali dothi lofiira ndi dzina basi.

"Ndakupirira chisanu chonse," anatero a Ernestine. "Lero mpingo wonse uli pano. Mng'ono wanga asagone ngati mlendo pamalo a agogo ake."

Lamont anatola chokokolera masamba, nakwera kumtunda, kumtengo waukulu kumene kunagona Lazarus Mabry.

Mwana aliyense wa ku Ellery amaidziwa nkhani ya Lazarus asanadziwe kuwerenga. Anabadwa kapolo m'minda ya mpunga. Ufulu unam'peza ali ndi zaka makumi atatu, ndipo anadula mitengo ya eni ake mpaka anagula maekala makumi asanu ndi limodzi. Asanamange nyumba anayamba watchinga ngodya ya manda, chifukwa mayi ake anagulitsidwa iye ali wamng'ono ndipo palibe ankadziwa kumene anagona. Tchalitchi chili pamalo ake, sukulu yakale ili pamalo ake, msewu umene Lamont anadzera uli ndi dzina lake. Chaka choyamba kukoleji Lamont analemba za iye, ndipo mayi ake anamata pepalalo pafiriji. Likadali pomwepo. Munthu uja anakwanitsa maekala onsewo. Iye, mdzukulu wake, zaka zinayi zokha za koleji zinam'kanika.

Anakokola masamba pamanda a Lazarus pang'onopang'ono. Pakati pa zigoba za nkhono ndi mapale panali supuni yachitsulo ija imene ana ankaletsedwa kuikhudza, yadzimbiri, yotha kumlomo, koma yathunthu.

"Si yake imeneyo."

Anali a Cleophus, akupuma mwawefuwefu, mbale ziwiri zili m'manja. Imodzi anam'patsa: mlamba wotentha ndi mpunga wofiira.

"Inali ya mayi ake. Ndi chokhacho chimene anatsala nacho tsiku limene anawatenga. Zaka makumi asanu ikuyenda m'thumba mwake. Kuukwati, kumaliro, kwa abusa, ankangoisolola n'kudyera. Akuluampingo anam'khalira pansi kawiri konse kuti aikwirire penapake. Iye phee, akudyera."

"Mukunama, amalume."

"Ndimanama za kukula kwa nsomba, osati za akufa. Anthu amangokamba za maekala. Palibe amanena kuti anali nkhutukumve yolirira supuni."

Lamont anaseka, ndipo kuseka kwakeko kunam'dabwitsa yekha.

"Musam'namize mwana, a Cleophus." A Ernestine anali atawatsatira, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Lazarus analibe manda oikapo supuniyo. Uyu ali nawo, n'chifukwa cha Lazarus yemweyo."

Zinali zoona, ndipo Lamont anadziwa kuti ndi zoona. Anaika mbale pansi, natsikira kugalimoto.

Atamasula kathaulo kaja anangoima. M'maganizo anawaona mayi ake patebulo, tsitsi lili m'duku, akupendeketsa kapu, khofi akutsanukira m'kambale. Ankauzira katatu, kenako n'kumwera m'kambalemo, zala zonse zitakagwira. Ali kusekondale ankachita nazo manyazi anzake akabwera. "Amayi, kapu ili ndi chogwirira." "Nanga lilime langa lili ndi lina losinthira?"

Miyezi yonseyi ankateteza kapu. Pamene milomo yawo inakhudza komaliza panali pena.

Anabwerera ndi zonse ziwiri, naima pa dothi lofiira lija. Anthu anasiya makasu. Anatambasula dzanja limene linali ndi kambale.

A Ernestine anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akulira.

"Ambuye Yesu. Chitsiru chija sichinamwerepo m'kapu chibadwire."

"Ndiye ndi kameneka, amayi. Si choncho?"

"Ndi kameneka."

Lamont ankayesa kuti zikhala zopepuka, poti kapu yapulumuka. Sizinatero. Anagwada, nakapsompsona m'mphepete. Anakamenya pamwala wa dzina kamodzi kokha, ndipo kanagawika patatu. Anayala mapalewo kumutu, buluu akuyang'ana kumwamba. Wina anayamba nyimbo motsitsa, ena n'kulandira.

Masana anakhala onse pamthunzi wa Lazarus. Ana a ku Atlanta ankathamangitsana pakati pa manda, amayi awo akuwakalipira mosaikirapo mtima. A Cleophus ankafotokozera abusa za mlamba wautali ngati chitseko. Lamont anadya mbale yake yozizira kale ija mpaka minga, n'kupempha ina.

A Ernestine anabwera ndi jagi ya tiyi wa ayisi. Anayang'ana kapu ya buluu ili pabondo pake, naidzaza mpaka m'milomo.

"Iyi tidzakuikira iweyo," anatero. "Koma usafulumire. Ndatopa nako kulambula."