Chala cha Abiti Sadiki

Abiti Sadiki anaona ndi maso awo Fauziya, mwana wawo, akudula mbatata yophika m'litali, kukula ngati chala cha munthu wamkulu, n'kuiika m'mbale patsogolo pa khanda la miyezi isanu ndi umodzi. Khanda lopanda dzino ndi limodzi lomwe.

"Iwe Fauziya, chimenecho n'cha ndani?"

"N'cha Zubairu, amayi. Adye yekha."

"Yekha? Wakulakwira chiyani mwanayu?"

Fauziya sanaseke. Anali atafika dzulo lake kuchokera ku Balaka, chifukwa Lolemba amayambiranso ulendo wake wa ku Nayuchi kokaoda zitenje, ndipo mwana amayenera kutsala ndi anganga ake kuno kunyanja ya Chiuta. Koma anali atanena poyera kuti am'siya pokhapokha amayi akewo atavomera kadyetsedwe kameneka. Zomugoneka mwana chagada pamiyendo n'kumam'thira phala m'kamwa ndi chikhatho, iyayi.

Zonsezi akuti anaziona pafoni. Abiti Sadiki anangogwira chibwano. Foni inaberekapo? Kholingo la mwana n'lopapatiza ngati phesi la udzu, aliyense amadziwa. Mwana sum'patsa cholimba, sum'seketsa akudya, sum'chotsa maso ngakhale nkhuku italowa m'nyumba. Anamuuza zonsezi, kawiri kawiri, koma ndani amamva masiku ano?

Chinawaopsa kwambiri n'chakuti mwini nzeruyo amaoneka wamantha. Fauziya anam'khazika mwana mowongoka pamkeka, n'kugwada pambali pake, thukuta lili kamukamu pamphuno.

"Ukuopa iwe," anatero amayi ake.

"Ndikuopa, eya. Koma mverani. Akatsokomola musam'gwire. Kutsokomolako ndiye kuti mpweya ukudutsa, achitulutsa yekha."

Zubairu anaifumbata mbatata ija, kuiyang'ana, kuipaka patsaya, kenako inapeza kukamwa. Ananyambita, nasekerera. Anaikanikiza ndi nkhama, kachidutswa n'kuduka. Nkhope inafiira. Anatulutsa lilime, misozi ili lengelenge, n'kuyamba kutsokomola.

"Dikirani, amayi."

Kudikira chiyani, mwana akutsamwa? Abiti Sadiki sanadziwe n'komwe kuti adzuka nthawi yanji. Anam'kankha Fauziya ndi chigongono, kum'gwira mdzukulu wawo pachibwano, chala chawo n'kulowa m'kamwa. Anaikhudza mbatatayo. Inali yoterera. Anaimva ikuthawa kunsonga kwa chala, ikutsikira mkati.

Kutsokomola kuja kunatha. Mwana anayasama kukamwa, koma osatulutsa mawu. Maso ali tong'o, timanja tikupalasa m'mwamba, milomo ikuyamba kutuwa.

Fauziya anam'landa. Anam'goneka chafufumimba pamkono wake, mutu kumunsi, n'kum'menya ndi chikhatho pakati pa mapewa. Kumenya kwenikweni, kopanda chisoni. Abiti Sadiki anafuna kum'gwira dzanja, koma Fauziya sanaleke. Kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi kachidutswa kaja kanagwera pamkeka, ndipo Zubairu analira kulira kwakuti amayi oyanika matemba kuseri kwa mpanda anasuzumira.

Mwana atayamba kuyamwa, Fauziya anayankhula osawayang'ana amayi ake.

"Namwino wa kusikelo anatiuza. Chala chimakankhira mkati. Munatsala pang'ono kundiphera mwana."

"Chala chimatulutsa," anatero Abiti Sadiki, koma motsitsa. "Amayi anga ankatero. Inenso ndinatero ndi Sidik."

"Achimwene a Sidik? Si munati anamwalira ndi malungo?"

Sidik anali mwana wawo woyamba, anapita asanakwanitse chaka, Fauziya asanabadwe. Anthu a malungo anali ambiri chaka chimenecho, ndiye kunali kosavuta kungonena choncho.

"Chinali chinangwa," anatero. "Anatola pansi ine ndikupeta mpunga. Ndinamumva akutsokomola, ndinathamanga."

"Amatsokomola?"

"Amatsokomola kwambiri. Ndinalowetsa chala. Kenako anangoti zii."

Abiti Sadiki anamva mawu awo omwe akutuluka. Zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akuda chinangwa. Sanachidzalenso, sanachilole m'nyumba mwawo, anachenjeza mayi aliyense wa m'mudzi muno za chinangwa. Ndipo anam'phunzitsanso mayi aliyense za chala. Anayang'ana dzanja lawo lamanja lili pabondo, malovu a mdzukulu asanaume.

Fauziya analira mwakachetechete, mwana ali kubere. Atapukuta misozi ndi nsonga ya mpango anati, "Mwina chikanatsika ngakhale musanam'gwire, amayi. Palibe angadziwe."

"Usandinamize. Lero ndachimva chikutsika."

Fauziya anayang'ana mwana, nayang'ana amayi ake.

"Ku Nayuchi ndipita naye kumsana," anatero. "Mlungu uno wokha. Kenako tiona."

Abiti Sadiki, amene anali atachapa kale neti ya udzudzu ndi kukolopa kuchipinda kuti mdzukulu azigonako, sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Pomenyapo m'pati kwenikweni?"

Fauziya anatembenuza mwana pang'ono, natenga dzanja la amayi ake n'kuliika pakati pa timapewa tija. Analigwirizira pomwepo.